Dzenje la ku Kabwata Likudikira Chingerezi

Aphungu,

Ndathedwa nzeru ndi amuna anga, a Mathias. Anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu, ndipo atapuma pantchito, Chingerezicho sichinapume nawo.

Kuseri kwa nyumba yathu, chivundikiro cha dzenje la zonyansa za kuchimbudzi chinagumuka ndi mvula. Dzenjelo n'lakuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo ndi lathu limodzi ndi aneba, a Lukonde. Madoda awiriwa anagwirizana zoikapo chikwangwani chochenjeza. Thabwa anagula, penti anagula. A Lukonde atalemba ndi choko kuti "Danger", amuna anga anafufuta.

"Ba Lukonde, iyi ni hazard," anatero. "Danger ibwela pambuyo, muntu akafika pafupi."

A Lukonde anati, "Imwe ba ticha, Lusaka yonse ilemba danger. Ndimwe bandani?"

Yakwana milungu itatu. Dzuwa likapendeka amakoka mipando n'kukhala pambali pa dzenjelo, dikishonale ili pamiyendo. Sabata yatha kunabwera mlamu wanga wa ku Chelstone n'kuwonjezerapo "risk", ndiye zangoipiraipira. Thabwa likadali mbee.

Dzana ndinapeza mdzukulu wanga Tanya, wa zaka zitatu, atagwada m'mphepete akuponyamo miyala. Ndinathamanga n'kumunyamula, koma mpaka pano ndili ndi mantha. Nditawauza amuna anga anati, "Waona manje? Apo ndiye yankala danger."

Aphungu, liwu lolondola ndi liti, kuti nkhaniyi ithe?

F. K., Kabwata

Mayi F. K.,

Amuna anu sakunama. "Hazard" ndi chinthu chimene chingavulaze munthu, "risk" ndi mpata woti chimuvulazedi, pomwe "danger" ndi liwu lokuwira amene wayandikira. Auzeni kuti apambana. Mwamuna wopambana savuta kumutuma.

Kenako musadikirenso aliyense. Lero lomwe tengani thabwalo muvundikire nalo dzenje. Likachepa onjezani malata, pamwamba musanjikepo njerwa zolemera. Mawa itanani mmisiri aumbe chivundikiro cha simenti, ndipo a Lukonde ndi mlamu wanu uja agwire nawo fosholo. Mpaka simenti iume, Tanya azisewera kumaso kwa nyumba, pamene maso anu akufika. Madodawo apatseni pepala apitirize mkangano wawo, pepala silimiza mwana.

Koma chenjerani, mayi. Ngakhale atagwirizana mawa n'kulemba chikwangwani chopanda cholakwa, musati mwapuma. Tanya sadziwa kuwerenga.