Mbendera Yofiira Kumapeto kwa Munda

Lolemba, 6 Januwale
Ntchito yatsopano. Ovolosi, chophimba mphuno, mbendera yofiira m'manja. Ndimaima kumapeto kwa munda wa thonje kuti woyendetsa ndege yopopera mankhwala aone mzere. Ikandilunjika, mapazi khumi ndi asanu kumbali, msanga. A kapitawo akuti osamayang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Ndayang'anabe. Zaka 46, ndege sindinaionepo pafupi chonchi. Mimba yachikasu, misomali yake kuchita kuwerengeka. Nthaka kunjenjemera, mano anga nawonso.

Lachinayi, 9 Januwale
Woyendetsayo timawatcha a Namzeze. Kamunthu kochepa, imvi mbuu, kuyenda ngati nsapato zikuwathina. Koma akakwera. Lero adutsa kunsi kwa mawaya a magetsi kawiri, matayala kutsala pang'ono kukhudza thonje. Ndinaiwala kupuma. Munthu wobadwa mwa mkazi ngati ine ndemwe.

Loweruka, 11 Januwale
Ndawafunsa a Namzeze pampopi ngati saopa. Aseka. "Khosi langali ndi langa, mayi, ndikhoza kuseweretsa. Lanulo ayi." N'zoonadi. Mbali yomwe kuli anthu amakwera m'mwamba akadali kutali. Opalira akakhala pafupi sapopera, kaya a kapitawo atukwane mpaka mawu kusasa.
Mwana wanga akuti ntchitoyi ndakalamba nayo. Akalambe yekha.

Lachitatu, 15 Januwale

Injini inatsokomola kawiri, kenako zii. Ndege kubwera yopanda phokoso, mphepo yokha kulira m'mapiko. Kukongola kwake, Mulungu andikhululukire. Poti n'kutera panali pamodzi pokha: msewu wa mathirakitala, pomwe ndinaima ineyo. Mapazi aja sindinaponde ndi limodzi lomwe. Kukamwa yasa, mbendera m'mwamba. Nkhope ya a Namzeze ndinaiona. Kenako phiko linapendekeka, ndege n'kundilambalala, n'kukalowa m'mitengo ya bulugamu.

Lamlungu, 19 Januwale
Kuchipatala, kukaona a Namzeze. Miyendo yonse iwiri yothyoka, nthiti zinayi. Adokotala akuti zouluka aiwale. Akazi awo sanandiyankhe moni. Sindikuwada.
Mawu ndinakonza njira yonse, pakhomo onse balala. Ndinangogwada pambali pa bedi. Iwo, mwapansipansi: "Munaiwala kuwerenga mapazi, mayi." Kenako: "Koma mbendera munaigwira bwino. Ndinakuonerani patali."
Ndalira mpaka pokwerera basi.

Lolemba, 20 Januwale
Ndege ina, woyendetsa wina. Mawaya amawalambalala kutali. Mapazi ndawerenga mokweza, khumi ndi asanu, maso pansi. Mzere woyamba, wachiwiri, bwinobwino. Wachitatu mthunzi wake wandidutsa pamsana, ndipo khosi langali, lomwe a Namzeze anandisiyirali, layamba lokha kudzuka.