Ufa Wokana Madzi

Lolemba, 14 Okutobala

Wakananso. Ndathira madzi a mulabu, ndakhutchumula mpaka dzanja kuwawa, koma kaufa kangoyandama pamwamba, kenako n'kuundana ngati phala la dzulo. Mwezi wachiwiri uno.

Ndilembe monga ndimafotokozera alendo, mwina ndikumbuke chimene ndikuvutikira m'kontena yotentha ino kuseri kwa chipatala. Kaufa aka ndi peputayidi, kachidutswa kopanga anthu kotengera khungu la kachirombo ka hepataitisi B, matenda a chiwindi. Ntchito yanga ndi kuona ngati magazi a anthu obayidwa katemera akukazindikira. Akakazindikira, mwina tsiku lina kadzalowa m'katemera watsopano. Mwina. Patapita zaka khumi. Koma kayambe kasungunuka kaye.

Nthawi ya 10 foni yalira monga mwa masiku onse. Ndinali nditavala magolovesi, ndiye Dennis, mnzanga wa mulabu, wandiyikira pa sipika. Achimwene a Petro, kuchokera kwathu ku Ndamera. Mawu atsika kuposa sabata yatha.

"Iwe Ana, wasungunuka?"

"Sunasungunuke, achimwene."

"Pirira mlongo wanga. Ine ndikudikira."

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, kulibe ntchito. Ndakwera njinga yamoto kupita kumudzi, ndawatengera mayi chitenje. Sanachifunyulule n'komwe. Maso awo anali pa chikwama changa.

Achimwene ndawapeza pamkeka pansi pa mtengo wa nimu. Mimba yatupanso, maso achikasu, manja aja ankapalasa ngalawa m'dambo tsiku lonse atsala mafupa. Milungu itatu yapitayo kuchipatala anawapopa madzi m'mimba, n'kuwapatsa kalata yoti apite msanga ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kalatayo ili m'Baibulo la alamu anga a Agnesi. Akuti, "Ndikavutikirenji ku Blantyre pamene mlongo wanga akupanga mankhwala pa boma pompa?"

Wolakwa ndine. Nditangoyamba ntchito, mayi anandifunsa kuti ndimatani. Ndinachita ulesi kufotokoza za kafukufuku, ndinangoti ndimapanga mankhwala a chiwindi. Zinandikomanso, ndisaname. Mayi anauza tchalitchi chonse. Ndiye tsiku limene achimwene anandigwira dzanja m'wodi n'kunena kuti ndiwagawireko, m'malo monena kuti si mankhwala, ndinati, "Akukana kusungunuka." Si bodza. Koma ndi bodza.

Lero ndimati ndinene. Ndatsegula pakamwa kawiri. Kachitatu mayi anabwera ndi thobwa la mapira, ndinamwa n'kutsanzika.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndayesa kadontho ka asidi wofooka. Ayi. Ndauyika m'makina ogwedeza aja kwa mphindi khumi. Ayi. Mu DMSO, chosungunulira champhamvu cha mulabu, wasungunuka bwinobwino, koma nditangowonjezera madzi wayera ngati madzi otsukira mpunga. Dennis akuti ufa umenewu uli ndi mtima wa mafuta, umadana ndi madzi chibadwire. Sakunama, tizidutswa take tambiri ndi tothawa madzi, ndiye timangokumbatirana tokhatokha.

Abwana a Harold aimba kuchokera ku Blantyre. Peputayidi watsopano uja tinaitanitsa wafika. Yemweyo, koma kumchira anamuwonjezera malayisini atatu, tizidutswa tokonda madzi, kuti tizikoka tinzake. Galimoto ya pulojekiti ibwera naye mawa.

Ndinayenera kusangalala. Ndazindikira kuti ndikupemphera kuti nayenso akane. Munthu wanji ine?

Lachinayi, 17 Okutobala

Galimoto yafika madzulo, ufa uli mufiriji. Kutentha kosagona nako ngakhale mbuzi. Alamu atumiza uthenga kuti achimwene asanza kawiri ndipo mapazi atupa.

Ndamuuza Dennis zonse pa nkhomaliro. Iye akuti, "Bwanji ungosungunula mavitamini m'kabotolo n'kuwapatsa? Mtima wawo ukhala pansi." Ndamukalipira. Koma njira yonse yobwerera kunyumba ndimaganiza kuti kabotolo kake kangakhale kotani.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndinadikira theka la ola kuti kabotolo katenthe kasanatsegulidwe, monga lamulo. Ndinatapa pang'ono, n'kuthira madzi. Ndisanakhutchumule n'komwe, ufa unasowa. Ndinayang'anira pawindo, ndinaupukusa m'makina kuti ndione ngati china chitsalire pansi. Palibe. Madzi okhaokha, oyera ngati amvula.

Dennis anakuwa, anavina utse pakati pa mafiriji ndi koti lake loyera. Ine ndinangoima, chubu chili m'manja. Miyezi iwiri ya moyo wanga yathera pa tizidutswa titatu.

Ndiye foni inalira. Magolovesi m'manja. Dennis, m'chisangalalo chake, anaiwala zonse ndinamuuza dzulo. Anadina sipika n'kufuula yekha, "Wasungunuka, achimwene! Wasungunuka!"

Ndinamva mayi akululutira patali. Ndinamva achimwene akuseka, kuseka kwenikweni, kumene sindinakumve chiyambire Ogasiti. "Takhuta, Mulungu! Zikomo! Ana, ubwera mawa?"

Ndinati eya.

Dennis wapepesa kasanu. Sindinamukwiyire. A Harold atumiza uthenga wa zithunzi za manja owomba, akuti Lolemba tiyambe kuyesa magazi. Ndawayankha kuti zikomo bwana.

Loweruka, 19 Okutobala

Kabotolo ka mavitamini ndinakakonza m'mawa. Ndilembe zoona, ndinakakonza. Ndinafika nako mpaka pa siteji ya njinga, kenako ndinakathira mu ngalande.

Kumudzi ndinapeza pabwalo posesa, nkhuku yophedwa, amayi atatu a kutchalitchi atakhala pakhonde. Achimwene anawasambitsa, anawaveka malaya a Lamulungu, mabatani a pamimba osamanga. Pambali pawo alamu anayika kapu yatsopano ndi supuni.

Ndinagwada pafupi ndi mkeka. Ndinayamba ndi mawu a kusukulu, za kafukufuku, za chitetezo cha m'thupi, ndinaona kuti ndikuthawanso. Ndiye ndinangoti, "Achimwene, ufa uja si mankhwala. Sunakhalepo mankhwala. Sungachize munthu amene wadwala kale."

"Koma wasungunuka."

"Wasungunuka, inde."

"Nanga ngwa ndani?"

"Ngwa anthu amene sanadwale. Mwinanso sudzafika kwa iwo."

Mayi anati, "Nkhabe! Ayi! Akukukaniza abwana ako. Uwauze kuti ndi mbale wako wa bere limodzi." Ndinati palibe amene akundikaniza, mayi, ndinakunamizani ine. Amayi a kutchalitchi ananyamuka mmodzimmodzi osatsanzika. Alamu anatenga kapu ija n'kulowa nayo m'nyumba, ndinawamva akulira kuchipinda.

Achimwene sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana mimba yawo nthawi yaitali, ntchentche ikuyenda pa bondo osaithamangitsa. Kenako anaitana alamu. "Agnesi, tenga kalata ija. Ukawauze a Saulos a ngolo aja amange ng'ombe, atifikitse pa msewu."

Ndinati ndiwaperekeza mpaka ku Blantyre, ndikudziwa madokotala kumeneko, ndiimba foni pompano. Ndinalankhula zambiri. Anandisiya mpaka ndinatha, ndiye anandiyang'ana ndi maso achikasu aja.

"Milungu itatu, Ana."

Basi.

Ngolo inabwera dzuwa lili pamutu. Anthu anayi anawanyamula ndi mkeka womwewo. Alamu anakwera, n'kuyika mutu wa amuna awo pamiyendo. Mayi anakwera, anayika mtolo wa zovala pamalo pamene panatsala, osandiyang'ana. A Saulos anakwapula ng'ombe. Ine ndinayenda pambuyo, m'fumbi, mpaka pa msewu.