Siginecha Yanu M'chitini cha Amayi

Bambo, sabata ino zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni. Lamulungu masana tinali tonse pakhonde, mpando wanu uli pomwe paja, pamene amayi anatulutsa chitini cha mabisiketi chomwe tonse tinkayesa kuti amasungamo ulusi ndi mabatani. Munali ndalama zapepala zokhazokha, iliyonse ili ndi siginecha yanu ya nthawi imene munali mkulu wa banki yayikulu ya dziko. Kuyambira tsiku la maliro anu, akalandira chenje chokhala ndi dzanja lanu sankagulira kanthu. Tsono banki yalengeza kuti ndalama zakalezo zisiya kugwira ntchito mwezi uno ukatha, ndipo zobwezedwa zikadulidwa ndi makina. Amayi ananenetsa kuti zawo sizipitako. Bola zisanduke mapepala m'nyumba mwawo momwemo.

Palibe anawatsutsa. Tinangoyamba kukamba za inu. Munalowa m'banki ija muli kalaliki wosankha ndalama zong'ambika m'chipinda chapansi chopanda zenera, ndipo chizolowezicho sichinakuchokeni: ngakhale mutakhala bwana, munthu akakupatsani ndalama yokwinyika munkayamba mwaiwongola pabondo. Loweruka lililonse munkasiya galimoto kutali n'kulowa mumsika wapansi, kufunsa mtengo wa mchere, sopo ndi mafuta ophikira, pakuti munkati malipoti a muofesi sadziwa njala. Azakhali, mlongo wanu, akadasekabe siginecha ija. Akuti ili ngati pamene nkhuku yapalasa, ndipo sakumvetsa kuti dziko lonse linaikhulupirira bwanji. Akatero amatembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso.

A nyuzipepala ankakutchani Oumamanja. Chaka chimene akuluakulu a boma anakupanikizani kuti musindikize ndalama zambiri, munawauza kuti kutero n'kuthira madzi mumkaka: kapu imadzaza koma mwana amagona ndi njala. Sanakuwonjezereni nyengo yokhala paudindo. Munabwera kunyumba ndi katoni imodzi, muli kapu yanu ya tiyi ndi mabuku atatu, ndipo m'mawa mwake munali kale kudimba mukumangirira tomato. Sitinakuoneni mutawerama nayo nkhaniyo. Ifenso sitiwerama, bambo. Omwe ankakunenani aja lero akamadandaula za mitengo ya zinthu amatchula inu, ndipo amatsitsa mawu.

Anadzisintha maganizo ndi amayi eni ake. Anakumbukira kuti mutangokwatirana munapeza timakobili tawo pansi pa matiresi, ndipo munawaseka kuti ndalama ndi khasu, ukalipachika padenga limachita dzimbiri munda n'kumera thengo. Kenaka anati mukanakhala pampando wanuwo bwenzi mukuwayang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo iwo sanakonzeke kuti mwamuna amene anapita zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo awapezenso cholakwa chomwe chija.

Lolemba m'mawa anavala diresi lawo lobiriwira, mwana wanu wachisamba n'kuwaperekeza kubanki. Mlonda wina wa nthawi yanu anawazindikira nafuna kuwapititsa kutsogolo, koma anakana, anaima pamzere monga munkachitira inu. Atafika pazenera anawongola ndalama iliyonse asanaipereke. Sanatsaleko nayo ngakhale imodzi. Pobwerera anadzera mumsika, anagulira mdzukulu wanu wamng'ono, amene simunamuone, nsapato za kusukulu. Potuluka anaima pa benchi ya mchere n'kufunsa mtengo, ngakhale kunyumba mchere unalipo.

Chitini chija tsopano muli ulusi ndi mabatani. Dzanja lanu lachoka m'matumba a anthu, bambo, koma m'nyumba muno palibe adzalichotse.

Ndife akazi anu, mlongo wanu, ana anu anayi ndi zidzukulu.