Anawagoneka Ali Maso

Lolemba, 9 Junho

Dzulo Ababa sanapitenso ku tchalitchi. Akuti chimfine. Chimfine chanji chogwira munthu Lamulungu lokha?

Chiberedwe njinga yawo ku Cassacatiza mwezi watha, sanapondeko. Ndipo kuberedwa kwake nkomwe kukuwapweteka: anaipereka okha, masana dzuwa likuswa mtengo, kwa munthu amene sanamuonepo. Iwo amati, “Ndimaona zonse, koma mutu unali utagona.” Ndani angamve zimenezo? A Cipriano, anzawo a mu kwaya, anawakuwira pamsika kuti, “A Pascoal, tandibwerekani nyumba yanu ndikangozungulira nayo!” Msika wonse unafa nacho chiseko. Ababa anabwerera osagula mchere.

Basi ndatsimikiza. Sewero la gulu lathu la achinyamata pa festa ya Petulo ndi Paulo Oyera likhala la nkhani imeneyi. Ndikufuna anthu aonere, tione ngati adzasekenso.

Lachitatu, 11 Junho

Ensayu yoyamba, kuyeseza sewero lija, pansi pa mango kuseri kwa kapela. Monga mwa nthawi zonse, palibe cholembedwa. Aliyense amadziumbira munthu wake, timakumanitsa anthuwo, nkhani nkumadzipanga yokha. Lamulo ndi limodzi: usayankhulire kapena kusunthira munthu wa mnzako.

Ine ndatenga mkulu woberedwayo, ndamutcha a Elídio. Celma ndi mkazi wawo. Sérgio walanda wakubayo asanapatsidwe nkomwe, akuti zimenezi amazidziwa, dzina lake ndi ipinoze, kugoneka munthu ali maso, anazionera pa telefoni. Ndiye wamanga kiyi wa mota yake, njinga yamoto ija, pa chingwe, nkumandigwedezera kumaso, maso ali tong'o, “Gonani! Gonaniii!”

Gulu lonse linagubuduka ndi phwete. Ine ndinangoima.

“Zélia, ndakugoneka, igwa pansi!”

Ndati a Elídio ndi anga, ndipo sagwa chifukwa cha kiyi. Akuti ndikuononga sewero. Ndamuuza kuti woononga ndi iye ndi maso ake ngati a kadzidzi.

Lachisanu, 13 Junho

Sérgio wanyanyala. Anyanyale, aona ngati ndimunyengerera.

Loweruka, 14 Junho

Celma wandilasa lero. Akuti, “Iwe ukufuna kuwasambitsa bambo ako, koma samala ungawathire matope.” Zoona zake. Anthu akadzaseka pa festa monga tinasekera Lachitatu, ndiye kuti ndawavula Ababa kachiwiri, pamaso pa mpingo wonse, ndi manja anga. Sadzatulukanso m'nyumba muno.

Tikutongola chimanga ndinawafunsa Ababa mwaulemu kuti munthu uja ankayankhula bwanji. Anaponya chitsononkho pansi nkunyamuka. Amayi anandiyang'ana moipa, “Ukutokosa bala.” Mwina. Koma bala lake likuwola tikuliphimba.

Sindisiya.

Lachiwiri, 17 Junho

Chabwino, ndamunyengerera. Ndinamupeza pomwe amaimika mota podikira okwera, ndinachita kumutamanda kuti palibe wina angaukwanitse udindowo. Anafufuma ngati chule.

Kiyi tataya. Wayesa mawu ofatsa, koma sachedwa kufika pa njinga: moni, moni, “tandibwerekani njingayi.” A Elídio anakana. Anayesanso, anakananso. Sérgio akuti, “Ungopereka, ndi sewero chabe!” Ayi. Ndikapereka mtima usanagonje, aliyense adzaona kuti mkuluyu ndi chitsiru, ndipo ndi zomwezo akunena kale. Ndikufuna afike pondilanda ine weniweni.

Koma afika bwanji, poti ine ndemwe njira yake sindikuidziwa?

Lachinayi, 19 Junho

Ndachita dala. Masana Ababa amakonza khola la mbuzi, ine ndinaima chapafupi nkumayeseza mbali zonse ziwiri mokweza, molakwitsa kwambiri. “Madala, ndipatseni njinga yanuyo!”

Ababa anapitiriza kukonza khola. Kenako, osatembenuka, “Sanatero.”

Ndinakhala ngati sindinamve. Ndinabwerezanso.

“Ndati sanatero! Sanaipemphe njinga. Bwera kuno.”

Anapukuta manja, nkundigwira dzanja ngati akundipatsa moni, koma osalisiya. Akuti munthu uja anawafunsa mfunda, nkuyamba kuwatchula a Banda, a Banda, ngati mphwawo. Dzanja ali chigwirire, akuligwedeza pang'onopang'ono. “Kwazizira chaka chino, eti a Banda?” Inde. “Mwachokera kutali.” Inde. “Miyendo yatopa imeneyi.” Inde. Chilichonse chomwe ankanena chinali choona, ndipo mawu ankatsikiratsikira mpaka Ababa anachita kuweramira kwa iye kuti amve. Kenako anawakhazika pamthunzi. “Pumani, akulu sayenera kuima padzuwa. Tayala ili lachepa mpweya, ndikakupoperani apo.”

Ababa anandiyang'ana. “Mwana wanga, munthu akakupatsa ulemu wotere, ‘ayi’ umamutenga kuti?”

Ndinafuna kulira koma ndinadzigwira, akanathawanso. Ndinafunsa ngati tingazigwiritse ntchito. Anabwerera ku khola lawo, nkungoti, “Wakubayo musamupange chilombo. Anali munthu wa nkhope yabwino.”

Loweruka, 21 Junho

Sindinamupatse Sérgio mawu a Ababa, aliyense aumbe wake. Ndinangomuuza kuti asasiye dzanja, asanene chomwe ndingakane, ndipo njinga asaipemphe. Anamvetsera mpaka pamapeto, zomwe sizichitikachitika. Kenako wati munthu wake dzina ndi Martin, anakulira kwa agogo ake, nchifukwa chake amadziwa kusamala akulu. Ndinadabwa naye, kani mutu ulimo.

Tinayamba. Anandifunsa za mvula, za msana, za ana amene anapita ku Tete osatumiza ngakhale moni. Zimenezo anapeka yekha, ndipo a Elídio anga zinawakhudza. Ndinkangoti inde, inde. Mawu ake anali ngati a munthu wotonthoza maliro.

Pozindikira ndili chikhalire pa njerwa, njinga ya Celma yomwe timayesezera ili m'manja mwa Sérgio, wafika nayo kale pa ngodya ya kapela. Ndikulumbira, sindikukumbuka pomwe ndinasiya chiwongolero. Palibe anaseka. Sérgio mwini wake anabwerera akupukusa mutu, akuti zamuopsa.

Lachinayi, 26 Junho

Anyamata amafuna polisi idzagwire Martin kumapeto. Ndakana, wakuba wa Ababa anagwidwa ndi ndani? Celma wasankha kuti mkazi wa a Elídio asakalipe, angowapatsa madzi osamba nkukhala nawo pansi. Ndi munthu wake, sindinalowerere, komanso wachita bwino kuposa momwe ndikanaganizira.

Ababa akuti sabwera. Ndawasitira malaya, ali pa msomali.

Lamulungu, 29 Junho

Sanabwere.

Misa itatha anthu anadzaza pabwalo. Nditangotulukira ndi chipewa ndi njinga, wina kumbuyo anakuwa, “A Pascoal awo!” Chiseko chinaphulika. Ndinaganiza za mawu a Celma aja. Koma Sérgio anafika, anandigwira dzanja, sanathamange. Anadikira mpaka phokoso litsike, nkutsitsanso mawu ake moti anthu anayamba kukhalitsana chete kuti amve.

Pakati pake ndinamva amayi a kutsogolo akuyankha nane limodzi, “Inde.” Osazindikira nkomwe! Pomwe Martin amandikhazika pansi, mayi wina anakuwa ndi mawu osweka, “Musasiye njingayo, bambo!” Mochedwa. Njinga itapita, bwalo lonse linali zii, kumangomveka khanda likulira.

A Cipriano ananyamuka sewero lisanathe. Sindikudziwa ngati zinawanyansa.

Anthu atiyamikira, a padiri atigwira chanza. Koma ndabwera kunyumba ndapeza malaya ali pa msomali pomwepo, Ababa ali kuseri akusema mpini. Sanafunse kanthu. Mtima ukundiwawa, ndatopa, sindikudziwa ngati ndaphula kanthu.

Lolemba, 30 Junho

M'mawa ndikusesa pabwalo, ndamva “Odi.” A Cipriano. Aima kumapeto kwa bwalo, chipewa chili m'manja. Ababa anali pakhonde akusema mpini uja, nkhope inauma pomwepo. Ine tsache ndinaligwira bwinobwino, ndinali wokonzeka kuwayankha akangoyamba zachipongwe zawo.

Moni anapatsana wouma. Kenako a Cipriano anayandikira, anayang'ana uku ndi uku, nkutsitsa mawu.

“A Pascoal, munthu wanu uja… anali ndi chipsera apa?” Analoza pachibwano.

Ababa anasiya kusema, nkuwafunsa:

“Chanu chinali chiyani?”

“Solala yatsopano, ya magetsi a dzuwa. Chaka chatha. Akunyumba ndinawauza kuti inagwa pa mota nkusweka.”

Ababa anaika mpini pansi.

“Zélia, tawatengera mpando a Cipriano.”