Mbale Yosatha ya Alamu Anu

Lachiwiri, 9 Epulo 2024

Okondedwa Asisi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndilipo, ndipo ndikadali kuno. Ndikudziwa kuti Loweruka munakandidikira kudepoti mpaka miyendo kuwawa, pepani. Ndasankha kalata chifukwa pafoni mundiseka ine ndikumva.

Matenda a alamu anu mukuwadziwa kale. Amuna a anzanga amatolera zibwenzi, anga amatolera mbale za galamafoni, zakuda zija, za nyimbo zimene ndikukhulupirira kuti ngakhale oimba ake anazithawa. Akuti mtundu wake ndi saikedeliki. Nditamva dzinali koyamba ndinakayang'ana pamashelefu kufamase kwathu ngati tili nawo mankhwala ake. Gitala amalira ngati mphaka wotsekeredwa mumgolo, wina akuimba chobwerera m'mbuyo, wina akumenya chitseko. Iwo atatsinzina, mutu uli gwedegwede: "Wamva pamenepo, mayi?" Ndamva, bambo, ndi aneba amvanso.

Zonsezi ndinapirira. Koma mwezi watha anabwera ndi katoni ina yodzaza, ndipo shelefu yawo itakana anatsegula wadiropu yanga, pamwamba pamene ndimasunga zovala zapaulendo. Mbale, akuti, zimafuna pouma, popanda dzuwa. Zovala zanga zikuoneka kuti zimakonda chinyezi, chifukwa anazilonga m'thumba n'kukaziponya kuchipinda chosungira katundu chodontha chija, osandiuza. Ndinazipeza Lachisanu. Diresi yobiriwira imene munandisokera ija inali itachita nkhungu, makoswe atadya kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Nditawaonetsa, anaiyang'ana bwinobwino n'kupumira m'mwamba.

"Mwayi wake," akutero, "makoswewa sanafike ku zikuto za mbale."

Asisi, ndi mawu amenewa amene analongedza sutukesi yanga, osati makoswe.

Loweruka m'mawa nditavala nsapato, ndinawapeza ataima pakhomo ndi mbale ina m'manja. Ndi yomwe amaikonda kuposa zonse, yachikuto chojambulidwa diso lokhala ndi miyendo. Akuti padziko lonse zinatsala zowerengeka. Ine sindiloledwa ngakhale kuipukuta fumbi, iwo amaigwira m'mphepete ngati khanda lobadwa kumene.

"Sindikukuletsa, mayi. Ungomvera nane mbali imodzi yokha. Ikatha, sutukesi ndikunyamulira ndekha mpaka kudepoti."

"Chabwino," ndinatero. "Ikatha yokha ndinyamuka. Isanathe sindisuntha, ikatha simundionanso. Mawu anga sabwerera."

Kuti sabwerera mukudziwa ndinu, amene sindinakulankhuleni teremu yathunthu chifukwa cha nsapato zanga za kusukulu. Nkhani imeneyonso musaganize kuti ndinaiwala.

Ndinakhala pa sutukesi, manja ndapinda. Amphaka analira, zitseko zinamenyedwa. Singano itayandikira pakati, kunamveka kabelu, kenako munthu kutsokomola. Ndinaimirira. Kabelu, chifuwa. Kabelu, chifuwa. Ndinakhalanso. Dzuwa linachoka pawindo, kabelu kali pompo.

"Chinthu chanuchi chakakamira."

"Sichinakakamire, mayi, anachipanga choncho. Kanjira komaliza anakalumikiza kumene kanayambira, ndiye singano imangozungulira momwemo. Oimbawo sanafune kuti nyimbo ithe."

"Nanga imatha liti?"

"Munthu akanyamula singano."

"Nyamulani."

"Ine ayi. Kapena iwe?"

Mwaona ukathyali wake? Ndikanyamula ine, ndiye kuti sinathe yokha, ndaswa mawu anga pamaso pa munthu wodyetsa makoswe diresi. Zimenezo ayi.

Ndiye mpaka lero ikulira. Ndimapita kuntchito, ndimabwerako, bambo uja akutsokomolabe m'nyumba mwanga. Lamulungu amayi a nyumba yogundana nafe anagogoda atagwira m'chiuno.

"Iwe mwana iwe, umagwira kufamase, mwamuna wako n'kumatsokomola chonchi kuyambira dzulo? Ukudikira chiyani, maliro?"

Nditawafotokozera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti awiri tonse tinapezana.

Chimene chikundisangalatsa n'chakuti alamu anu akuvutika. Singano ikamazungulira malo amodzi imakanda mbale. Kabelu kaja tsopano kasasa mawu, ndipo pansonga pa singano pakumatuluka kafumbi kakuda. Iwo amagwada pamenepo n'kumakayang'ana ngati akuona magazi awo. Chakudya sichikutsika. Munthu amene anandikalipira chifukwa choyetsemula pafupi ndi mbale imeneyi akuisiya ikutha akuona, ndipo dzanja sakutambasula. Sindikunena kuti zandikhudza. Ndikungokuuzani zimene ndaona.

Dzulo anatulutsa mbale zonse muwadiropu, napukuta, n'kubwezeramo zovala zanga zimene makoswe anazikana.

"Ndinalakwa, mayi. Diresi ija inali yokongola kuposa zikuto zonse m'nyumba muno."

"Zonse?"

Anaganiza ndithu. "Kupatula ziwiri."

Munthu wotere mungamutani? Kunama kwenikweniko sakutha.

Lero ndinali ndi tchuthi. Iwo atapita kokonza mawailesi kwawo, mita ya magetsi inayamba kulira kuti mayunitsi akutha. Ndinali ndekha, sutukesi ili pakhomo. Magetsi akanangozima, mbale ikanaima yokha popanda dzanja la munthu, ine n'kukwera basi ya masana mawu anga ali athunthu. Ndinaima pakati pa mita ndi galamafoni, uku kukulira, uku kukutsokomola.

Ndinakagula mayunitsi. Musayambe kumwetulira. Mufiriji munali zinthu zoti zikanaonongeka: botolo la madzi ndi theka la anyezi.

Pempho langa ndi ili. Mukapeza nsalu yobiriwira ngati ija mundisokere ina, muyeso ndi womwe uja. Alipira ndi iwo, ndiye musankhe yodula. Bedi munandikonzera lija mubwezereni mwini wake, mwana asamagone pansi chifukwa cha ine. Madzulo ano mwina ndiwalola anyamule singano kuti ipumeko, kabelu kasanathe mawu. Koma ndiwauza momveka kuti kupuma si kutha, nyimbo ikadalipo, ndipo tsiku limene idzathe ndikubwera.

Moni kwa alamu ndi ana. Kudepoti musapitenso mpaka ndikuuzeni.

Ndine mng'ono wanu amene sanakhululukebe,
kaya za diresi, kaya za nsapato.