Kaseti ya Mzungu ndi Ubatizo wa Amuna Anga

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Mayani. Ndalembera inu chifukwa nkhani yangayi ndikauza munthu wa kuno, mawa lake imveka kuchigayo. Pasaka yatsala masabata asanu. Amuna anga akuyenera kubatizidwa tsiku limenelo, koma mmene zinthu zilili dzina lawo likhoza kufufutidwa pa mndandanda, ndipo ndikuona ngati wolakwa ndine.

Ine ndine Mkatolika wobadwira momwemo. A Funsani, amuna angawo, kwawo ndi kumudzi kwa gule wamkulu. Anagula njira ali mnyamata, ndipo anadzakhala woimba mbalule, ng'oma ija imatsogolera zinzake pabwalo. Sindikuwatama poti ndi anga ayi, aliyense wa mbali ino akhoza kukuuzani kuti akagwira ng'oma, amayi ankasiya ndiwo zikupserera pamoto. Inenso ndinawaonera pomwepo, nditabisala kuseri kwa mtengo kuopa amayi anga. Atandikwatira anabwera chikamwini kwathu, ndipo ine akumpingo anandiimitsa masakramenti poti ukwati wathu sunadzere kutchalitchi. Zaka zisanu ndi zinayi tsopano ndimangoonerera anzanga akundanda kukalandira Ukaristia, ine nditatsala pabenchi. Zimandipweteka, sindibisa.

Zaka zinayi zapitazo a Funsani anandiuza okha, popanda wowakakamiza, kuti, "Nankhoma, ndatopa kukuona ukutsala pabenchi. Ndikalembetsa kalasi." Ng'oma anakaibweza kwa eni ake, kudambwe sanapondekonso, ndipo kalasi ya ubatizo sanajombe ngakhale tsiku la mvula. Dzina anasankha kale, akufuna kudzakhala Ignasio. A katekisiti anatiuza kuti akangobatizidwa, ansembe adzadalitsa ukwati wathu sabata yotsatira.

Koma Aphungu, munthu amene kalasi inandibwezera si uja ndinamuonera kuseri kwa mtengo. Saledzera, samenya, kudimba amalawirira, mbatatesi zathu anthu amachita kutisirira. Koma anazizira. Akaweruka amangokhala pakhonde kuyang'ana phiri. Kukamveka ng'oma tsidya, amalowa m'nyumba n'kufunda bulangete ngati munthu wa malungo. Anthu a mumpingo ankandiuza kuti, "Amuna anu atembenuka zenizeni," ine n'kumavomera ndi mutu, mtima ukulira.

Chimene chasintha zinthu ndi kaseti. Achimwene anga a Timoteyo ankaphikira mzungu wina wophunzitsa kusekondale. Pobwerera kwawo ku Mangalande mu Disembala, mzunguyo anawasiyira wailesi ya kaseti ndi kaseti imodzi yopanda chithunzi. Achimwene anadzazisungitsa kwathu poti kwawo ana ndi osamva. Akuti nyimbo zake ndi roko, koma ya achinyamata a masiku ano, yobadwa pambuyo pa ina ankaitcha panki. Za mayinazo ine ndilibe nazo ntchito, ndingokuuzani zomwe makutu anga anamva.

Si rumba, si simanjemanje, komanso si zija za azungu zodandaula timamva pa wailesi. Imayamba ndi gitala ya mawu okhuthala, yokhayokha, kubwereza kanjira kamodzi osatopa. Kenako ng'oma imalowa, youma, yothamanga, yopanda zokometsera. Gitala inayo sailiza mokoma ayi, amangoikwapula, kwapu, n'kusiya, kwapu, n'kusiya, ndipo pamene wasiyapo ndi pamene phazi lako limagwera lokha. Woimbayo ndiye saimba n'komwe, amakuwa ngati munthu woitana mnzake tsidya la dambo. Tsiku loyamba ndinaseka n'kunena kuti azunguwa alusiranji. Nyimbo yachiwiri isanathe ndinapezeka ndikugwedeza mapewa, lichero lili m'manja.

A Funsani anali pakhonde. Analowa, n'kuima pafupi ndi wailesi, khutu lili tcheru. Anati, "Alamu, tabwezani pamenepo." Achimwene anabweza. Anamvetseranso, kenako anati, "Wa ng'omayu sakuimbira makutu, akuimbira miyendo. Amaidziwa ntchito mnyamatayu." Anatenga ndowa, kuivundikira, kuipana ndi mawondo, n'kuyamba kumuyankha mzungu wa ng'oma uja. Aphungu, anaseka! Mano onse pamtunda. Ana anathamangira kudzaona, poti wamng'onoyo chibadwire anali asanamvepo bambo ake akuseka chotero.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse tikachoka kudimba dzuwa litapendeka, timatseka chitseko n'kuika kaseti. Iwo pandowa, ine ndi ana pakati pa nyumba. Mavinidwe ake palibe anatiphunzitsa, aliyense amangodumpha mmene thupi lamuuzira, mpaka thukuta kamukamu, kuzizira kwa kuno osakumvanso. Ndiulule pano poti simukundiona: amene amakumbutsa kuti lero ndi Loweruka ndine. Mabatire akafooka, amene amawayanika padzuwa ndinenso.

Tsono ndowa ilibe chinsinsi. Mayi Bernadetta, oyandikana nawo nyumba, amenenso ndi mmodzi wa akulu a mphakati wathu, anamva. Sanabwere kudzafunsa. Anapita kwa a katekisiti kukanena kuti a Funsani abwerera kudambwe, akuphunzitsa ana ng'oma za gule atadzitsekera m'nyumba, mkati mwa Lenti. Titakumana pachitsime anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa, amake Elena. Dzanja limenelo tonse timalidziwa." Za dzanjalo sananame, lili ndi kayendedwe kake, sungalisokoneze ndi la wina.

Akulu ampingo atiitana kumapeto kwa mwezi uno kuti akatimve asanatumize mayina kwa Bambo Mfumu. Amayi anga akuti ndiponye kasetiyo m'chimbudzi, tikanene kuti anali ana akusewera ndi ndowa. A Funsani atamva anangoti, "Chita zomwe ukuona, Nankhoma. Ndinasiya yeniyeni, ndingakanike kusiya ndowa?" Ananena mofatsa, koma nkhope ija ya pakhonde inabwerera nthawi yomweyo. Kasetiyo ndaibisa m'thumba la nyemba. Kawiri konse ndafika nayo pakhomo la chimbudzi n'kubwerera.

Ndikufuna ukwati wanga udalitsidwe, ndikufuna kudzalandira Ukaristia ndisanafe. Ndikufunanso mwamuna wanga woseka. Kodi n'zoona kuti ziwirizi sizingakhale m'nyumba imodzi? Ndiname, nditaye kaseti, kapena nditani?

F.M.,
Mayani, Dedza.

Mayi F.M.,

Choyamba, chotsani kasetiyo m'nyemba anankafumbwe asanailawe, ndipo musapite nayonso kuchimbudzi. Bodza la ana ndi ndowa liiwaleni lero lomwe. Mwanena nokha kuti dzanja la amuna anu mudzi wonse umalidziwa. Mukakanama, akulu ampingo adzasiya kufunsa za ng'oma n'kuyamba kufunsa chimene mukubisa, ndipo mlandu umenewo ndi umene simungapulumuke nawo.

Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, mayi. Simunakopeke ndi munthu wa korona m'manja, munakopeka ndi woimba ng'oma, ndiye musachite manyazi kuti ndinu mumayanika mabatire. Nyimbo mwafotokozazo ndinazimvapo kwa mphwanga wina wa kuno ku Blantyre. Ine zimandilasa m'makutu, koma ndinaona zomwe mwaonazo: zikalira, munthu sakhazikika pampando. Anazipangira zimenezo. M'nyimbozo mulibe dambwe, mulibe mzimu wa munthu aliyense, ndi anyamata anayi kapena asanu a kutali amene atopa kukhala duu. Amuna anu anangozindikira mmisiri mnzawo, ngati kalipentala akaona mpando wokhomedwa bwino.

Cholakwa chanu ndi chitseko. Kwanuko ng'oma ikamalira mobisa, anthu amaganiza chinthu chimodzi chokha, ndipo inu mukuchidziwa kuposa ine. Mayi Bernadetta anafulumira pakamwa, akanachita bwino kuodira n'kufunsa, koma chonena munawapatsa nokha. Musawasungire chakukhosi. Muziwapatsa moni pachitsime monga kale, mudzafunanso kupalana nawo moto.

Tsono musadikire tsiku loitanidwalo. Sabata ino a Funsani apite kwa a katekisiti ndi miyendo yawo, inu muli pambali, akafotokoze zonse mmene mwandifotokozera ine. Akapemphe kuti tsiku la akuluwo adzanyamule wailesi, kaseti ndi ndowa yomweyo, adzaimbe masana dzuwa likuswa mtengo, onse akumva. Ndikutsineni khutu: mwa akulu ampingo a kwanuko, si ochepa amene anagula njira asanaphunzire kugwira korona. Pagulu sadzavomera, koma makutu awo amatha kusiyanitsa ng'oma ya pabwalo ndi phokoso la anyamata a ku Mangalande. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Aloleni adzimvere okha, ndipo muziyang'ana mapazi awo pansi pa benchi.

Koma musananyamule wailesiyo, pezani mphunzitsi wodziwa Chingerezi amene mumamukhulupirira, amvetsere kaseti yonse mbali zonse ziwiri, akuuzeni chimene akukuwacho. Achinyamata a kunja amaimba zilizonse, zotukwana ngakhale zonyoza akuluakulu a dziko lawo. Inu ndi ine tikudziwa kuti kuno munthu saika nyimbo pagulu asakudziwa mawu ake. Ikapezeka yokayikitsa, muziidumpha, kunyumba ndi pagulu pomwe. Mwina mudzapeza kuti mkuwo wonsewo ndi wa mnyamata amene chibwenzi chamukana basi.

Za Lenti, pamenepo Mayi Bernadetta ali ndi mfundo. Kupatula tsiku la akuluwo, ipumitseni ndowa mpaka Pasaka. Sikuti ndi tchimo, koma anzanu akusala nyama ndi shuga, inu salani kuvina kwa Loweruka. Akuluwo muwauze mosapsatira kuti mwapumira Lenti, simunasiye, kuti asadzati munawanamiza. Pasaka ikadutsa, tulutsani wailesi pakhonde, chitseko chikhale chotsegula, wodutsa aliyense aone kuti ndi bambo, mayi ndi ana atatu akutulutsa thukuta. M'maparishi ena masiku ano ng'oma zayamba kulira pa Misa. Ngati kwanu zafika, a Funsani adzafunse malo, koma adzafunse atabatizidwa kale, asaoneke ngati akugula ubatizo ndi luso.

Chinthu china simunandifunse, koma ndinena. Mawu aja akuti "ndingakanike kusiya ndowa?" andiwawa. Ndi mawu a munthu amene akuganiza kuti kuti inu musangalale, iye ayenera kumangochepa. Kodi munawauzapo zimene mwandiuza ine, kuti kuseka kwawo mukukufuna ngati mmene mukufunira ukwati wodalitsidwa? Auzeni ndi pakamwa panu, musaganize kuti akudziwa kale. Muwafunsenso ngati ubatizowu akuufuna okha mumtima mwawo, pakuti ndi wawo, si kiyi wokutsegulirani inu njira yokalandirira Ukaristia. Munthu amene sanajombe kalasi zaka zinayi ndikhulupirira akuufuna, koma n'kwabwino amve kuti wafunsidwa.

Ine ndikuona kuti dzina la Ignasio likhala pa mndandanda. Akulu ampingo amaopa munthu wobisa, saopa munthu wobwera yekha atasenza ndowa. Komabe sindine Bambo Mfumu, ndipo sindikulonjezani. Mwina adzati adikire chaka china. Zikatero mudzalire, n'zololedwa, koma musadzaloze ndowa chala, ndipo musadzalole kuti amuna anu aone m'maso mwanu kuti kuseka kwawo ndi kumene kwakutayitsani Pasaka. Chaka chimatha. Mwamuna amene mwamuzimitsa kachiwiri ndi dzanja lanu, kumuyatsanso n'kovuta.

Ndipo wina akadzakuuzani kuti Mkhristu weniweni amakhala atapinda manja moyo wake wonse, mudzamuyankhe mwaulemu kuti Aphungu akana. Maubatizo ndaonerera ambiri pa moyo wanga. Madzi amathira pamutu. Sindinaonepo wansembe akudula munthu manja.

Aphungu.