Adilesi ya achimwene

Kamoto 09:12
achimwene mwatibera odwala athu

Achimwene 09:25
wadzuka bwanji kaye iwe chitsirizira. odwala amabedwa?

Kamoto 09:26
galimoto yoyeza khansa ija sibwera kwathu kuno chaka chino. ndinapita ndekha ku office ya zaumoyo kukafunsa. akuti mu registry ya khansa dera lathu lilibe wodwala olo mmodzi

Kamoto 09:26
olo mmodzi! nanga amayi anawachotsa bere chifukwa cha chimfine?

Achimwene 09:31
nde ine ndalowapo bwnj

Kamoto 09:33
mtsikana wa registry wandifotokozera. iwo amakopera adilesi yomwe ili pa file. file ya amayi, adilesi yanu. ya azakhali, yanu. ya akazi awo atelala, yanunso

Achimwene 09:35
si onsewo ankagona kwathu podikira dokotala? nurse anafunsa kuti mukukhala kuti. ndikanati mumtengo?

Alamu 09:36
kkkkk ohoo nchifukwa chake! azaumoyo anabwera mwezi watha kudzasuzumira chitsime chathu. akuti nyumba imodzi khansa anthu atatu

Alamu 09:36
alandlord mpaka anasiya kumwa madzi kwathu

Achimwene 09:38
madam muli mbali iti kodi

Alamu 09:38
mbali ya sofa yanga. yatha ndi alendo anu

Kamoto 09:41
alamu sekani koma galimotoyo ikubwera mumsewu mwanu, inu amene chipatala mumapita wapansi. ife tatsala ndi ziro wathu

Achimwene 09:44
ka Form 2 kangowerenga pa Google basi kasanduka professor

Kamoto 09:45
eya, koma funso loti kwanu nkuti sindinalepherepo

Kamoto 09:52
🎤 voice note 0:48

Alamu 10:05
sindingamvere ndili mu salon dryer ikulira. lembani

Kamoto 10:07
achemwali ali ndi chotupa mkhwapa. kupita kutauni akukana, akuti opita kumeneko amabwera opanda bere. anandilonjeza kuti galimoto ikabwera pasukulu ayezetsa limodzi ndi anzawo. dzulo anandifunsa tsiku. ndinangoti posachedwa

Alamu 10:09
ayi ine. bambo a ana mwaona?

Achimwene 10:30
ndili mu meeting

Kamoto 10:31
a registry akuti atha kukonza ndandanda isanatsekedwe lachisanu. koma apite yemwe anasaina ngati guardian, atatenga makadi onse atatu. anasaina ndinu, siginecha yamchira ija

Alamu 10:33
makadi ali mchikwama cha ma certificate. nsapato ndawapolishira kale

Kamoto 12:50
meeting yatha?

Kamoto 14:15
📞 missed call

Kamoto 15:40
achimwene ndakhala pakhonde pa achemwali, akupeta nyemba uku akundiyang'ana. andifunsanso tsiku. mawa mupita kapena ndiwauze kuti galimoto yawo mwatenga ndinu? yankhani